Kwa Madamu a Sitandade 2

Madamu, musamukwapule.
Wojombetsa mwana ndine.
Ndodoyo ngati ilipo ibwere kuno kumsika,
mundipeza pa mulu wa kachewere, pafupi ndi sikelo.

Ndamva kuti Lachinayi munaitana dzina lake kawiri,
Lachisanu kamodzi,
lero mwangodutsapo ndi cholembera chofiira.
Ndikanatha kunama.
Juni wa pa Lizulu amagawa mabodza aulere,
chifuwa, chimfine, kuphwanya m'thupi,
koma Ndaziona akanandiulula asanakhale n'komwe pansi.

Lole ya kabichi sidziwa holide, Madamu.
A Chikaonda anati, "M'bandakucha wa Lachinayi ndinyamuka,
pamwamba pa matumba malo alipo, osalipira."
Ndinawerengera ya minibasi, anthu awiri, kupita ndi kubwera ku Zomba,
inameza ndowa zisanu za kachewere.
Ndiye Ogasiti ndikanamudikira ndi chiyani?

Bambo ake anachoka mano a mwanayu ali onse m'kamwa.
Nkhani yake ndi ng'ombe ziwiri
zimene zinaoloka msewu usiku kuchokera ku Mozambiki.
Zina zonse anamaliza a khoti.
Akafunsa ndinkati ali ku ntchito,
mpaka tsiku lina akutsuka mbale anati,
"Amayi, ntchito yanji yopanda Lamulungu?"

Ndinamukulunga zitenje ziwiri ndi juzi ya mlongo wake.
Nkhungu inatiperekeza mpaka pa Mlangeni.
Kutayera, ndinamva akung'ung'udza chinachake m'khwapa mwanga:
Bi-ri-wi-ri.
Ndinayesa ndi mano akugundana,
kani akuwerenga chikwangwani.
Pa Kampepuza "mpe" anamukaniza,
anatsutsana naye mpaka pa Manjawira.
Pa mlatho wa Liwonde anangoti kukamwa yasa,
kenaka, "Madzi onsewa amatunga ndani?"

Pachipata msilikali anavundula nyemba zathu ndi supuni,
pensulo yake anaisunga m'thumba la malaya.
Ataitana Filimoni, anatuluka munthu wovala zoyera,
khosi lowonda ngati la mpini.
Mwana anathawira kumbuyo kwanga.
Bambo ake anati, "Ndi ameneyu?"
Ine ndinati, "Ndi ameneyu."
Mawu ena tonse anatithera pomwepo.

Mphindi zinkapita, msilikali akuyang'ana wotchi.
Kenaka mwana anasuzumira, anaona dzanja lili pa waya,
anatulutsa kachala kake
nayamba kulemba pachikhatho pa bambo ake.
N wamkulu, monga munamuphunzitsira,
d woyang'ana kolondola,
z anamubwereza chifukwa poyamba anatembenuka.
Filimoni sadziwa kuwerenga, Madamu.
Anangodikira mpaka a womaliza,
ndipo anafumbata dzanjalo
ngati wapatsidwa chenje pagulu.
Pobwerera kuseli kwa chitseko anali asanalifumbatule.

Lachisanu ndi Loweruka tinadikira kabichi kuti athe,
tikugona kwa msuweni wanga ku Chinamwali.
Dzulo lole inafera pa Chingeni,
tinagona pa matumba opanda kanthu, tafika lero masana.
Ndiwo masiku anu atatu amenewo,
sindikupempha kuti muwafufute.
Asiyeni ofiira choncho m'kaundula.

Chimodzi chokha.
Anzake akayamba kumufunsa kumene anali,
musamuyankhire, ndiponso musamuletse.
Ine ndinabisa zaka ziwiri, zinangondiwawitsa msana.
Iye wauza kale a Nangondo ogulitsa tomato
kuti bambo ake amakhala m'nyumba yaikulu kuposa tchalitchi,
koma kulibe mawindo abwino.

Mnzake Siyileni wabweretsa kope madzulo ano.
Ndaona kuti mwayamba kuchotsera kobwereka.
Zimenezo musavutike nazo,
kubwereka ndimuphunzitsa ndekha,
ndili nako luso.

Mawa abwera.
Yunifolomu ndachapa, ili pa mpanda,
ngati nkhungu ilola iuma.
Ikapanda kuuma abwera ndi juzi ija,
ikununkhabe kabichi.