Inalowera Pazenera

Yakale ija inafa Lachiwiri usiku ku Quartzsite,
inasiya fungo la amoniya m'makatani
ndi ufa wachikasu kuseri kwa khoma.
Wendell anaigogoda kawiri
ngati mkatimo muli wina woti ayankhe.
Timabotolo take ta insulini tinagona m'kabokosi ka ayezi
pansi pa tebulo,
ine ndikudzuka ola lililonse kukatikhudza.

Yatsopano tinakaigula ku Yuma, firiji wamba,
ija anthu amaimika m'khitchini n'kuiwala zaka khumi.
Koma khitchini yathu ili ndi matayala.

Khomo linachepa ndi chala chimodzi.
Wendell anayeza katatu
ngati khomolo lingachite manyazi n'kufutukuka.
Tinagulula zitseko za firijiyo, tinagulula zogwirira,
chala chija chili pomwepo.

Ignacio wa kalavani yoyandikana nafe
anabwera ndi khofi wake m'manja,
anapenya khomo, anapenya firiji, anamwa,
nati: chotsani zenera.
Masikulu makumi atatu ndi awiri
ndinawasunga m'chitini cha mabisiketi.
Amuna anayi, makwerero awiri, bulangete la pabedi pathu,
inalowa chogona, itatsogoza miyendo
ngati mwana wovuta pobadwa.
Tinaisiya chiimire mpaka mawa lake
kuti mafuta abwerere kwawo.

Invata ndi kabokosi kabuluu
kolemera kuposa maonekedwe ake.
Ntchito yake n'kumasulira basi:
mabatire amayankhula chonong'ona,
firiji imangomva chiyankhulo cha nyumba zokhazikika.

Zaka makumi atatu Wendell ankakoka mawaya
m'nkhokwe za tirigu ku Minot.
Lero shuga anamulanda nsonga za zala,
nati imagwa iye osamva kuti yagwa.
Ndiye ndinakwawira ine m'kachipinda ka mabatire,
chagada, tochi pakamwa, mchenga m'khosi,
iye atakhala pachidebe, akulamula.
Vula mphete, Marlys.
Fyuzi ikhale pafupi ndi batire.
Wakudayo umalizire.
Waya wonenepa ngati chala changa chachikulu
ankakana kupindika.
Chikwatirane sanandipatsepo sipanala yake.
Tsiku limenelo anandipatsa, chogwirira chili kwa ine,
osandiyang'ana.

Itathetheka mbaliwali ndinatukwana
mawu amene sindinadziwe kuti ndimawasunga.
Iye anaseka mpaka kutsokomola.
Zimatero, akuti, ikumwa madzi oyamba.
Limbitsa.

Kenako phee.
Kenako kakuwala kobiriwira.
Kenako kung'ung'udza kuja,
kumene ndinakusiya m'nyumba yomwe tinagulitsa,
kumene sindinkadziwa kuti ndinkakumva.

Zenera tinabwezera; sikulu imodzi inatsala m'chitini
ndipo mpaka lero sitikudziwa kwawo.

Pakona yoyamba ya msewu wopita ku Blythe
chitseko chinatseguka chokha.
Mazira, mkaka, botolo la nkhaka zoviika,
zonse zinathamangira kumapazi a woyendetsa.
Firiji ya m'nyumba sidziwa zoti pansi pamayenda.
Tinaimanga ndi lamba wa galu wathu,
amene tinamuika m'manda ku Nebraska chaka chatha.
Akulonderabe chakudya, anatero Wendell.

Tsopano m'mawa uliwonse ndimakwera padenga
kupukuta fumbi pa masola,
madzulo ndimawerenga manambala a mabatire
monga mayi anga ankawerengera mitambo.
Kukachita mitambo masiku awiri timazimitsa wailesi,
ketulo imapuma,
firiji yokha ndiyo imadya.

Usiku wina ndinadzuka, pabedi palibe munthu.
Ali chiimire m'kuwala kwa firijiyo, wopanda malaya,
akuwerenga timabotolo take ndi chala chosamva chija.
Tseka, ndinatero, ukutha mabatire.
Bwera ugwire, anatero,
undiuze ngati tazizira.