Mgolo Umene Unasasa

Zaka makumi atatu, Xandru,
mwakhala mukukweza botolo kupitirira mutu,
tambula ili mmunsi cha m'ntchafu,
mowa wa maapozi nkumatsika ngati chingwe
osaphonya,
anthu a ku Nava nkumawomba m'manja.
Palibe ankawerenga matambula
amene ankathera kukhosi kwanu.
Ine ndinkawerenga.

Lachiwiri lija ku Oviedo
dokotala anatitembenuzira kanema:
chiwindi chanu, mbuu ngati nkhungu ya m'mapiri athu.
"Chakutidwa ndi mafuta," anatero.
"Chiwalo ichi sichidandaula.
Chimasefa usiku wonse osabuula,
tsiku limene chidzalankhule
ndiye kuti madzi afika m'khosi."

M'basi simunatsegule pakamwa.
Munkangoyang'ana minda ya maapozi ikudutsa m'mvula
ngati abale amene mwayambana nawo pamaliro.

Kuseri kwa khola kuli mgolo uja
munautukwana chaka chatha,
uja unalowa mpweya nkusasa.
Ndinauvundukula.
Fungo linandibaya m'mphuno mpaka misozi,
ndipo pamwamba pankayandama chinthu choterera,
chotuwa, chonenepa ngati chikopa chonyowa.
Malemu apongozi anga ankachitcha mayi.
Ankati muli tizilombo tosaoneka ndi maso
timene timamwa mowa wonse
nkusiya viniga.
Ndinaseka ndekha mumdimamo:
kani pakhomo pano alipo
amene amamwa mowa nkupindula nawo!

Ndinatengako m'kabotolo kukamuonetsa dokotala.
Ananunkhiza, nakwinya mphuno, naseka.
"Mayi Olaya, ndisakunamizeni.
Supuni imodzi m'tambula yodzaza madzi,
kapena muwaze pa nyemba, pa letesi, pa nsomba.
Amathandizako kuti shuga asathamangire m'magazi mukadya.
Muli timchere pang'ono,
ndi tina tochokera m'khungu la chipatso,
koma musayese nkhokwe ya mavitamini.
Za chiwindi, zambiri anaziona pa makoswe,
ndipo amuna anu si khoswe.
Asamwe wosasungunula, amadya mano, amawotcha kummero.
Mankhwala enieni
ndi botolo limene salitsegula."

Mawu omalizawo sindinakuuzeni tsiku lomwelo.
Munawadziwa kale.

Miyezi yozizira inali yaitali.
Manja anu ankanjenjemera pa supuni.
Munakana nyemba zanga kawiri,
mukuti ndazithira misozi ya mgolo wakufa.
Kachitatu munadya,
nkupukuta mbale ndi buledi
mukuganiza kuti ndayang'ana kumbali.
Soseji tinachepetsa.
Madzulo munayamba kuyenda mpaka pa mlatho,
kenako kupitirira mlatho,
galu patsogolo, inu pambuyo mukutukwana chitunda.
Lamba anasowa bowo,
ndinaboola lina ndi msomali.

Tsopano maapozi achita maluwa.
Pepala la magazi labwera dzulo,
manambala atsikako, osati kwambiri,
koma atsika.
Mlongo wanu akuti ndi viniga.
Wansembe akuti ndi kandulo imene anayatsa.
Galu sakunena kanthu.
Ine ndikudziwa mabotolo makumi anayi
amene akadali ndi zotsekera zawo m'chipinda chapansi,
fumbi lili gwa,
ndipo ndikudziwa usiku umene munatsikako ndi tochi
nkukwera chimanjamanja.

Lero m'mawa ndakupezani pabwalo.
Jagi ya madzi, supuni ya viniga,
dzanja lamanja m'mwamba kupitirira mutu,
lamanzere mmunsi cha m'ntchafu,
maso patsogolo ngati kale pa chikondwerero.
Chingwe chinatsika,
chinagunda m'mphepete mwa tambula,
sichinachite thovu.
Munamwa, nkukwinya nkhope yonse ngati khanda.

"Nzoipa," munatero.

Nkuthiranso ina,
yanga.