Siginecha

Nkhungu isanachoke ku Luwinga
ndavala kale gawuni woyera, tsitsi m'kaneti.
Mtedza wa dzulo ndaupima kawiri.
Kawiri konse makina anena chimodzimodzi:
poizoni wa chuku wadutsa muyezo.

Diso silimuona. Lilime silimumva.
Chiponde chake n'chosalala, chonunkhira,
mabotolo mazana anayi ali pamzere
kudikira dzina langa.

A Chavula aima pakhomo, makiyi a lole m'manja.
"Towera, ndi kanambala chabe.
Ukudziwa kuti magetsi sitinalipire?"

Ndikudziwa.
Ndikudziwanso mayi wina ku Mchengautuwa
wogula kabotolo kamodzi pamwezi,
n'kumathira kasupuni m'phala la mwana
poti kusikelo anamuuza kuti thupi lachepa.
Iye alibe makina.
Ali ndi ine,
munthu amene sadzamuona nkhope.

Cholembera ndabweza m'thumba.
Pa makatoni ndamata pepala lofiira.
Lole yazimitsidwa.
A Chavula adutsa osandiyang'ana.

Madzulo, pa kabaza wopita ku Chibavi,
sindikudziwa ngati Lolemba ntchito ndidzaipeza.
Kuzizira kwandilowa m'mafupa,
manja akununkhabe mtedza wokazinga.