Chilembo Chimodzi

Ku Sapporo, m'chipinda cha pansi pa nyumba yofufuzira,
mulibe zenera, mulibe nyengo.
Kunja chipale chofewa chakwirira njinga za ophunzira.
Muno magetsi amayaka seveni koloko, kuzima seveni koloko,
ndipo mbewa zimati ndilo dzuwa.

Shigeto amafika izo zikukagona.
Chipewa chobisa tsitsi, magolovesi,
nsapato zosadziwa msewu.
Makola mazana atatu: utuchi, madzi, chakudya.
Zaka khumi ndi chimodzi.
Fungo linamulowerera mpaka Fumika, mkazi wake, analeka kulitchula.

Khola 58: yamphongo, yakuda bii,
khutu lamanzere loboola kawiri.
Ikadali kadontho m'mbale yagalasi
Dokotala Anzai anaibaya ndi singano yoonda kuposa tsitsi
naikamo kachidutswa ka chibadwa cha munthu,
kopezeka mwa amuna ena
amene nyumba zawo zili zii.
Chalakwika ndi chilembo chimodzi chokha, anatero dokotala.
Chimodzi.
Monga mbewa ndi mbewu.

Anaipatsa zazikazi ziwiri.
Imadya, imakwera waya, usiku simanyozera ntchito yake.
M'mawa uliwonse Shigeto amavundukula chisa cha mapepala
ndi nsonga ya chala,
nkulemba ziro pakhadi.
Miyezi itatu ya maziro, ondondozana ngati mazira osaswa.

Tsiku lina dokotala anamukodola: taonani pakanemapa.
Mbewu za 58, mitu yabwinobwino,
michira yopotana,
zikuzungulira pamodzimodzi
ngati munthu wofuna makiyi ali nawo m'manja.
Shigeto anagwedeza mutu. Sananene kuti anazionapo kale,
kuchipatala cha pafupi ndi siteshoni,
dokotala wina atamutembenuzira kanema chimodzimodzi,
Fumika atabayidwa kale majakisoni zaka ziwiri
ndi kulandira mwaulemu zithumwa za kukachisi
zimene apongozi ankatumizira iye yekha.

Khola 61 ndi la mbale wake wa 58.
Mwa iyeyu chilembo chija anachikonza.
Lachiwiri lina mu Febuluwale
utuchi unalira, kamawu kosongoka ngati chitseko chakutali.
Asanu ndi awiri.
Ofiira, opanda ubweya, maso omata,
mkaka ukuoneka mbee kupyola pakhungu la mimba.
Anawerenga katatu. Cholembera chinaterereka m'golovesi.

Anzai anatsika masitepe akuthamanga, jasi lili pambali.
Anaseka, anajambula, anaimba foni.
Kuti zifike kwa anthu? Mwina zaka khumi,
mwina khumi ndi zisanu, zikayenda bwino.
Shigeto ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi.
Samuyo anaiwerengera akutsuka mabotolo.

Pakhadi la 58 panali patadutsa mzere wofiira:
ntchito yatha, Lachisanu.
Anatulutsa njere ya mpendadzuwa m'thumba,
yosalembedwa m'malamulo a chakudya,
naiponya pakona.
Mbewa inaigwira ndi manja awiri,
kuitembenuza, kuisenda mosamala
monga wodziwa kuti m'kati muli kanthu.

Madzulo sitima inachedwa chifukwa cha chipale.
Fumika anali kukhitchini, wailesi ikunena zanyengo.
Kuntchito kunali bwanji?
Kwabadwa ana asanu ndi awiri, anatero ali pakhomo.
Madzi a pampopi anasiya kutuluka.
A ndani?

Anawerama kumasula zingwe za nsapato,
ndipo mfundo yake inatenga nthawi.