Nyanja ya ku Sivas

Kuno ku Sivas chipale chofewa chinayamba kugwa
tisanagule n'komwe bulangete lako.
Katatu tinapita kukaunikitsa mimba,
katatu konse iwe unatifulatira,
miyendo utapingasa ngati mlendo wodikira tiyi.
Dokotala anaseka, napukuta mafuta pamimba pa amako:
"Ameneyu safuna zomulondalonda."

Tinatsala ndi mayina awiriawiri m'thumba.
Bambo anga, a Nazmi, ankafuna lawo libwerere pakhomo.
Apongozi anga, a Hüsniye, anali atapeta kale
chilembo chawo pakansalu kopukutira dovu.
Madzulo aliyense ankakokera kwake,
timasupuni tikulira m'timatambula
ngati nato tili ndi mbali.

Usiku wina tulo titamuthawa,
Sevgül anandigwedeza phewa:
"Tuncay, ukukumbuka ku Samsun?"
Ndikanaiwala bwanji?
Basi inatifera panjira,
ine makaniko wa patchuthi n'kukwawira kunsi kwake.
Tinafika kutada, malaya anga ali girisi yekhayekha.
Madziwo sitinawaone.
Tinangowamva akupuma mumdima,
kubwera, kubwerera,
mchere n'kutitsalira pamilomo.
"Akamatembenuka m'katimu," anatero amako,
"ndimamva zomwezija.
Akhale Deniz."

Deniz.
M'chilankhulo chathu ndi nyanja basi,
liwu lomwe mwana wongoyamba sukulu
amaliwerenga pabolodi osadodoma.
A Ferit, mphunzitsi wopuma uja wa nyumba yapansi,
amati liwuli ndi nkhalamba,
linabwera pamsana pa akavalo kuchokera kum'mawa
m'kamwa mwa anthu a mahema ndi nkhosa,
amene madzi akakula kuposa maso awo
ankawaitana choncho.
Ngati a Ferit sakuwonjeza,
ndiye kuti si ife oyamba
kulota madzi titagona pouma.

Mlongo wanga anakwinya mphuno:
"Dzina limenelo latha ntchito, achimwene.
M'kalasi mwa mwana wanga alimo atatu,
atsikana awiri, mnyamata mmodzi.
Aphunzitsi akaitana, mitu itatu imadzuka."
Ndinamuyankha kuti njira yopondekapondeka
ndiyo imapita kuchitsime chokoma.
Koma poyera pano, zinandilasa.
Ndinkafuna chako chako,
chosabwereka kwa aliyense.

Unabwera Lachinayi m'bandakucha,
takisi ikuterereka pamsewu ngati sopo,
ine nsapato zosiyana kuphazi.
Tsiku lachitatu a Nazmi anasamba m'manja,
mkwiyo wawo utasungunuka ndi chipale cha pakhonde.
Anakunyamula, natembenukira ku Maka,
nanong'ona kuitanira kwa pemphero
m'khutu lako lamanja, laling'ono ngati tsamba la tiyi.
Kenako dzina, katatu monga mwa mwambo.
Koyamba linatuluka louma.
Kachiwiri linafewa.
Kachitatu mawu anawathawa,
ndevu zawo zikunyowa.
Zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi,
nyanja sanaipenyepo,
ndipo nayi yawalowera m'nyumba
yokulungidwa m'thewera.

Ku ofesi ya kalembera mayi wamagalasi
anafunsa osadzutsa mutu:
"Deniz wamwamuna kapena wamkazi?"
Ndinayankha. Analemba. Chidindo, phaa!
Limenelo ndi funso la pepala.
Dzinalo lokha silinafunse kanthu,
linakudikira miyezi iwiri chitseko chili pululu,
lokonzeka kulandira yense amene akanalowa.

Tsopano wagona pafupi ndi mbaula.
Panja galimoto zakwiririka mpaka m'magalasi.
Ndikaweramitsa khutu pachifuwa chako
ndikumva za ku Samsun zija,
kubwera, kubwerera.
Atatu a m'kalasi aja akhale nalo, salichepetsa;
amene amatunga m'nyanja saiphwetsa.

Nyengo yotentha ikafika
tidzakwera basi ya m'mawa, agogo ako pawindo.
Ndidzatenga masipanala anga, sungadziwe.
Ulendo uno ndikufuna tikafike kusanade,
ndikakuvule timasokosi,
ndikakuviike timapazi,
mukapatsane moni ndi mnzako wa dzina.