Mng'alu wa Kuchipinda cha Kumpoto

Tinaiona mu Juni, dzuwa likukana kulowa,
nyumba ya miyala kumapiri a Wales,
kumapeto kwa kamsewu kothina
komwe galimoto ziwiri zikakumana, ina imabwerera chafutambuyo.
Laimu pakhoma ali mbee, nkhosa zili balala m'phiri.
Tegid, mwamuna wanga, anali atasankha kale poika njinga yake.
Ine ndinali nditasankha zenera.

Mchemwali wanga pafoni sanasekere nawo.
Anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere,
itanani wodziwa aione musanasaine.
Mapaundi mazana asanu ndi limodzi!
Tinalipira uku tikung'ung'udza.

Mayi Nesta Probert anafika mu Okutobala,
tsiku la mvula yamawawa,
ndi makwerero opinda, tochi, ndi jombo zamatope.
Chigwa chomwe chinatiba mtima sanachiyang'ane n'komwe.
Anagwada.
Ananunkhiza pansi pa masitepe.
Anabaya khoma ndi kachipangizo ka mano awiri,
kanalira, kanaliranso,
ngati mwana amene wapeza womuuza zonse.

Chinyontho, anatero. Apa ndi apa.
M'denga anatuluka ndi ufa wa thabwa m'manja:
mtanda wafumbwa, mapaso atatu atha ntchito.
Chumuni chapendekera kum'mawa.
Dzenje la zam'chimbudzi lili m'munda wa eni,
ndipo pepala loti mungalowemo palibe.
Madzi anu akuchokera pakasupe
amene nkhosa zimayamba kumwa inu musanamwe.

Bambo Idwal, mwini nyumba, anali kukhitchini
atavala jekete ya kutchalitchi pa Lachiwiri.
Anawiritsa tiyi kawiri. Palibe anamwa.
Tochi ikaloza pena, iwo ankayang'ana pena,
monga achitira munthu dokotala akamavula mkazi wake.

Kenako chipinda cha kumpoto.
Kuseri kwa kabati, mng'alu,
kuyambira pazenera kutsetsereka mpaka pansi,
waukulu woti n'kulowetsamo ndalama yachitsulo.
Tegid anandigwira dzanja. Basi, zatha.

Koma Mayi Probert anayandikitsa tochi.
M'mbali mwa mng'aluwo munali timizere ta pensulo,
kalikonse ndi chaka chake,
zolemba zing'onozing'ono zopendekera kumanja:
1979, 1980, 1981,
mng'alu ukukula, pensulo ikuulondola.
Pa 1988 timizere tinaunjikana malo amodzi,
chaka pamwamba pa chaka, osasunthanso.
Pa 2016 zolemba zinasintha, zinanenepa, zinanjenjemera.

Gwenda ndiye ankayeza, anatero Bambo Idwal ali pakhomo.
Tsiku loyamba la chaka, asanadye kanthu.
Atapita ndinangopitiriza.
Sindidziwa ngati ndimayeza bwino.

Mayi Probert anatulutsa rula, anayeza, anakhala chete.
Mumayeza bwino, anatero.
Nyumbayi inayenda, inafika, inakhala pansi.
Si iyi yoopa. Opani denga.

Lipoti linabwera ndi masamba makumi atatu ndi limodzi,
zofiira zinayi, zachikasu zosawerengeka.
Pa tsamba la khumi ndi chisanu:
mng'alu wakale, wosasuntha, ungomatidwa.
Dzina la Gwenda mulibemo.

Tinapempha kuti atsitse mtengo, chifukwa cha denga.
Ndinalemba kalatayo ndine, ndinaifufuta kanayi.
Anavomera tsiku lomwelo,
ndipo kuvomera kwachanguko kumandiwawabe.

Tsopano mtanda ndi watsopano.
Chumuni chikupendekerabe, ndalama zinatha.
Madzi timawiritsa.
Mmisiri anabwera ndi ndowa ya pulasitala,
ndinamuuza ayambire chipinda china, ndi china,
mpaka anaiwala.

Lero ndi tsiku loyamba la chaka.
Kunja chisanu chauma gwaa pa udzu.
Tegid akadali mtulo.
Ndakankha kabati ndekha,
ndasongola pensulo ndi mpeni wa masamba,
ndipo sindinadye kanthu.