Tsiku Limene Atate Anafa Kasanu ndi Kawiri

Atate anafa kasanu ndi kawiri tsiku limodzi
m'chigwa chouma cha Tabernas,
ndipo ulendo uliwonse ankadzuka, n'kudzisasa fumbi,
n'kupempha madzi.
Anthu ojambula filimu anawalipira mapeseta mazana awiri
chifukwa cha nkhope yawo yoonda ngati ya bulu wanjala.
Madzulo anabwera ndi magazi a utoto pakolala.
Amayi anachapa malayawo katatu, akung'ung'udza,
kufiirako osachoka.

Patatha chaka tinakwera basi ya ku Almería,
Atate, ine ndi mkulu wanga Casimiro,
titavala nsapato zopitira ku Misa.
Magetsi anazima.
Fungo la fodya, makoko a mpendadzuwa pansi pa mipando.

Pachinsalu, achifwamba anayi apakavalo
anathyola banki, anapha mlonda,
n'kukwirira golide pamodzi ndi mtembo wake.
Usiku, mphepo ikulira m'ming'alu ya tchalitchi chakugwa,
dothi linayamba kufufuma.
Panatuluka dzanja.
Ine ndinalidziwa dzanjalo,
kachala kakang'ono kopindika
kamene kanapanidwa ndi chitseko cha khola.
Ndinakuwa kuti, "Atate!"
Holo yonse inafa nalo phwete,
koma mayi wina kumbuyo anachita chizindikiro cha mtanda.

Mzukwa unawalondola mmodzimmodzi.
Wina unam'peza pachitsime, wina akumeta ndevu,
wachitatu sindinaone.
Mtsogoleri wawo anawombera mpaka mfuti inangoti kete kete,
iwo ukubwerabe, ukutsimphina
monga ankatsimphinira Atate pochokera kumunda wa azitona.

Ndinabisa nkhope m'jekete la munthu wapambali panga,
yemwe uja ndinkamuthawayo.
Jekete linkagwedezeka ndi kuseka.
"Pamenepo," anandinong'oneza,
"nyerere zinali zitandilowa m'buluku."

Pamapeto tinadikira dzina loti Eusebio Cazorla.
Zilembo zinakwera, zinakwera, zinatha.
Wosesa anatipempha kuti tikweze miyendo.
Atate anangovala chipewa
n'kutigulira ayisikilimu mmodzi tonse atatu.

Ulendo wachisanu ndi chitatu sanadzuke.
Panalibe wopempha madzi,
panalibe wowauza kuti abwereze.

Masiku ano filimuyo imabwera pakanema nthawi zina,
pakati pa usiku, mitundu yake itasuluka,
akavalo akuoneka obiriwira.
Imvi zanga zaposa zawo.
Ndimakhala ndekha m'khitchini,
kudikira kuti dothi lifufume,
ndipo kachala kaja kakaoneka
ndimaitana chapansipansi,
kuopa kudzutsa adzukulu.